Mphunzitsi Amene Anafufuza Gwero la Ululu

M'mapiri a Dedza mulibe ntchito yopepuka. Mlimi wa mbatata ya kachewere ku Bembeke amaweramira khasu kuyambira m'bandakucha, ndipo akakolola amasenza matumba kukwera nao zitunda kufikira pamsewu. Amai amatsika phiri ndi mitolo ya nkhuni pamutu, mwana ali kumbuyo. Tauni ya Dedza iri pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600, kotero kuti mu Juni ndi Julayi chisanu chimalowa mpaka m'mafupa. Nchosadabwitsa tsono kuti pamzere wa odwala pa chipatala chaching'ono chirichonse sipalephera kupezeka munthu wogwira m'chiuno, wodandaula msana.

Ambiri mwa anthu otere amapeza bwino pasanathe masabata 6. Koma alipo ena amene ululu umawakanirira miyezi, ngakhale zaka. Amamwa mapiritsi, amatemera mphini, amakajambulitsa msana ku chipatala chachikulu, nauzidwa kuti palibe chothyoka. Komabe ululu uli pomwepo. Ena amafika potaya khasu ndi kugona pamphasa, poopa kuti akawerama msana uduka. Munda ukagonera chaka chimodzi, njala imalowa m'nyumba, ana amasiya sukulu, ndipo wodwalayo amayamba kunenedwa kuti ndi waulesi kapena kuti analodzedwa.

Kodi ululu umakhaliranji pamene thupi linapola kale? Funso limeneli lasautsa madokotala kwa nthawi yaitali. Mmodzi mwa anthu amene alifufuza mozama ndi Pulofesa Lorimer Moseley wa ku Australia, dokotala wa mafizo amenenso ndi mphunzitsi wa pa yunivesite. Dziko lake liri kutali, kutsidya kwa nyanja ya India, koma zimene anapeza zikhudza msana wa mlimi wa ku Mayani monga momwe zikhudzira msana wa mlimi wa kwao.

Kuchokera m'chipinda cha mafizo kunka ku yunivesite

Dokotala wa mafizo sachita opaleshoni, ndipo kawirikawiri sapereka mapiritsi. Zida zake ndi manja, masewera olimbitsa thupi ndi mau. Ndiye amene amaphunzitsa kuyendanso munthu wothyoka mwendo kapena wofa ziwalo, nathandiza mwana wochedwa kukhala ndi kukwawa. Moseley anaphunzira ntchito imeneyi pa yunivesite ya Sydney, naigwira zaka zingapo pakati pa odwala asanabwerere ku sukulu kukachita kafukufuku.

Masiku amenewo wodwala msana ankaphunzitsidwa za mafupa. Ankamuonetsa chifaniziro cha msana, namulozera timitsamiro tofewa tokhala pakati pa fupa ndi fupa, namuuza kuti tatha kapena tatuluka m'malo mwake, ndi kumchenjeza kuti asamawerame. Cholinga chinali chabwino ndithu. Koma munthu wouzidwa kuti msana wake uli ngati khoma lophwasuka amatuluka m'chipinda ali ndi mantha oposa amene analowa nao, ndipo amayenda mouma, ngati wasenza mtsuko wodzaza.

Moseley anayesa phunziro lina. M'malo mwa mafupa anayamba kufotokozera odwala za mitsempha yonyamula mauthenga ndi za ubongo, ndiye kuti za m'mene ululu umapangikira. Mu 2002 anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa odwala 57 a msana wa mgonagona: amene analandira mafizo pamodzi ndi phunziro limeneli anapeza bwino kuposa amene anangolandira chithandizo cha masiku onse, ndipo kusiyanako kunaonekabe patapita chaka. Mu 2004 anagawa odwala ena pawiri. Gulu limodzi linamva za mitsempha ndi ubongo, lina za mafupa ndi minofu ya msana. Pambuyo pake a gulu loyamba anachepa mantha, ndipo anatha kuwerama kwambiri kuposa kale, ngakhale panalibe amene anawagwira msana.

Chinthu china chimene anapeza mu 2003 nchoyenera kumvedwa ndi aliyense wovala yunifolomu yoyera. Anafunsa ogwira ntchito zachipatala ngati odwala angathe kumvetsa nkhani zozama za mitsempha, ndipo iwo anawaderera. Koma odwalawo atawaphunzitsa bwino anamvetsa koposa m'mene ankawaganizira. Chaka chomwecho iye ndi mnzake David Butler analemba buku lotchedwa Explain Pain, lofotokoza nkhaniyi m'mau osavuta ndi zithunzi. Kenaka anakagwira ntchito ya kafukufuku pa yunivesite ya Oxford ku England, ndipo mu 2011 anakhala pulofesa pa University of South Australia mumzinda wa Adelaide.

Njoka ndi kamtengo

Pophunzitsa, Moseley amakonda kusimba zimene zinamuonekera iye mwini. Tsiku lina akuyenda m'tchire anamva kanthu katamukanda mwendo wa kumanzere. Anayesa kamtengo, pakuti timitengo tinamukandapo kambirimbiri, ndipo sanamve kuwawa kwenikweni. Anapitiriza ulendo, nasamba mumtsinje, koma posakhalitsa anakomoka. Chimene chinamukandacho chinali njoka yotchedwa eastern brown, imodzi mwa njoka zoopsa kwambiri pa dziko lapansi. Anapulumukira mkamwa mwa mbuzi.

Patapita miyezi ingapo anayendanso m'tchire, ndipo kanthu kanamukandanso pamalo omwe aja. Nthawi imeneyi ululu unali wosaneneka, kotero kuti anagwa pansi ndi kufuula. Poyang'ana anapeza kuti ndi kamtengo chabe, kamene kanangosupula khungu pang'ono. Bala lakupha silinawawe. Kabala kachabechabe kanawawa koopsa. M'Chichewa mau akuti ululu amatanthauza zonse ziwiri, wa njoka ndi wa kupweteka, koma pa mwendo wa munthu ameneyu ziwirizi zinafika masiku osiyana.

Bwalo la milandu la m'mutu

Tanthauzo la nkhaniyi liri motere. M'khungu, m'minofu ndi m'mfundo za mafupa muli mitsempha yaing'onoing'ono imene imadzidzimuka ikakumana ndi kutentha, kufinyika kapena kutupa. Mitsempha imeneyi sinyamula ululu. Imanyamula uthenga wakuti mwina pali choopsa. Uthengawo umadzera m'chingwe cha mitsempha chodutsa m'kati mwa mafupa a msana kufikira ku ubongo, monga mthenga amene athamangira kwa mfumu kukanena kuti kumalire kwa mudzi kwaoneka utsi.

Mfumu yanzeru siimba mfuu chifukwa cha mau a mthenga okha. Imayamba yafunsa: utsiwo uli kuti? Kodi ndi nyengo ya lupsa? Kodi kumeneko kunapsapo nyumba kale? Ubongo nao umatero, m'kamphindi kosakwana kuphethira kwa diso, mwini wake osadziwa. Umasonkhanitsa zimene maso aona, zimene makutu amva, zimene munthu akumbukira ndi zimene akhulupirira. Ukagamula kuti thupi liri pangozi ndipo liyenera kutetezedwa, pamenepo munthu amamva kuwawa. Tsiku la njoka ubongo wa Moseley unakumbukira timitengo, nugamula kuti palibe mlandu. Tsiku la kamtengo unakumbukira njoka.

Umboni wa zimenezi ngwochuluka. Mu 1995 magazini ya madokotala ya British Medical Journal inasimba za mmisiri womanga nyumba wa zaka 29 amene anadumphira pa msomali wa masentimita 15, nuboola nsapato mpaka kutulukira pamwamba. Anamva ululu waukulu kotero kuti anayamba amgoneka ndi mankhwala amphamvu asanazule msomaliwo. Atamvula nsapato anapeza kuti msomali unadutsa pakati pa zala, osalasa phazi ngakhale pang'ono. Mu 2007 Moseley ndi Arnoud Arntz anakhudza anthu padzanja ndi kachitsulo kozizira kuposa madzi oundana, uku akuwaonetsa nyali yofiira kapena yobiriwira ngati thambo. Kachitsulo kanali komweko, koma pa nyali yofiira, mtundu wa moto ndi wa ngozi, anthu anamva kuwawa kwambiri. Ndipo kale mu 1965 Ronald Melzack ndi Patrick Wall anafotokoza kuti uthenga wa ngozi ungathe kuchepetsedwa kapena kukulitsidwa uli panjira, m'chingwe cha msana chija. Ndicho chifukwa chake mai akasisita pamene mwana wadzigunda, kulira kumachepa.

Pano mpofunika kusamala. Kunena kuti ululu umagamulidwa mu ubongo si kunena kuti wodwala akunamizira, kapena kuti matenda ake ndi a maganizo chabe. Ululu uliwonse umene munthu amva ndi weniweni. Mmisiri wa msomali uja sanali kuchita sewero. Achibale amene angatenge chiphunzitso chimenechi ngati ndodo yokwapulira wodwala sanachimvetse.

Ndiponso ululu si mdani. Ku Mua, m'munsi mwa mapiri a Dedza, kunali chipatala cha odwala khate kwa zaka zambiri, ndipo akuluakulu a kumeneko adziwa chimene chimachitika mitsempha ikafa. Munthu amagwira mphika wamoto osamva kanthu, amaponda minga osadziwa, ndipo zilonda zimadya zala. Zoterezi zimaonekanso kumapazi a odwala matenda a shuga. Ululu ndiye mlonda wa thupi.

Galu wouwa masamba

Vuto limadza pamene mlonda achita changu chopitirira muyeso. Galu wa pakhomo pamene panabwerapo akuba amasanduka wamantha: amauwa mphepo, amauwa tsamba likagwa, amauwa ngakhale mwini nyumba. Mitsempha nayo imatero. Ululu ukakhalitsa, mitsempha ya m'chingwe cha msana ndi ya mu ubongo imazolowera kutumiza ndi kulandira uthenga wa ngozi, mpaka kuwerama pang'ono, kuzizira kwa m'mawa kapena kukhala nthawi yaitali pa benchi kumakwanira kuutsa ululu. Minofu ndi mitsempha yomanga mfundo kawirikawiri imapola pa miyezi itatu. Chotero ululu ukapitirira pamenepo, nthawi zambiri kukula kwake sikusonyezanso kukula kwa bala, koma kukula kwa tcheru cha mlondayo.

Zinthu zokulitsa tcheru chimenechi nzodziwika pamudzi: kusowa tulo, nkhawa ya ngongole ya feteleza, maliro, mikangano ya m'banja, mantha akuti pali munthu amene waponda mankhwala panjira. Mau a munthu wa chipatala naonso angathe kukhala nkhuni pamoto. Wodwala wouzidwa kuti mafupa ake anatha amawasunga mauwo zaka khumi.

Nanga chithunzi cha makina a chipatala chimati bwanji? Mu 2015 akatswiri anasonkhanitsa zithunzi za misana ya anthu oposa 3,000 amene sankamva kuwawa kulikonse. Mwa anthu a zaka 20, anthu 37 pa 100 alionse anali ndi timitsamiro ta msana toyamba kutha. Mwa a zaka 80, anali 96 pa 100 alionse. Onsewa ankayenda ndi kugwira ntchito zao popanda dandaulo. Kusintha kotere kuli ngati imvi: kumasonyeza zaka, osati matenda. Munthu wogulitsa mbuzi kuti akajambulitse msana mtauni popanda dokotala kumtuma angathe kubwerako ndi mantha okhaokha.

Pamene mau amalekezera

Kafukufuku woona amanenanso pamene chinthu chalephera. Ngakhale mu 2004 muja, kuchepa kwa mantha sikunasinthe kwenikweni m'mene odwala ankagwirira ntchito zao za tsiku ndi tsiku. Mu 2019 Moseley ndi anzake anafalitsa zotsatira za odwala 202 amene msana unali utangowayamba kumene. Maora awiri a phunziro la ululu sanachepetse kuwawa kuposa maora awiri ongomvetsera wodwalayo mwachifundo. Koma mu 2022, pa odwala 276 a msana wa mgonagona, phunziro lophatikiza ndi kuzoloweretsa thupi kuyenda ndi kuwerama pang'onopang'ono linachepetsa ululu, ngakhale kuti si kwambiri: pafupifupi gawo limodzi pa muyeso wa magawo khumi. Mau paokha sachiza msana. Ntchito yao ndi kuchotsa mantha kuti munthu ayambenso kuyenda, ndipo kuyendako ndiko kumatonthoza mitsempha.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti mu 2020 anthu 619 miliyoni anali ndi ululu wa m'munsi mwa msana. Mu Disembala 2023 linatulutsa malangizo a kasamalidwe ka msana wa mgonagona. Linavomereza kuphunzitsa wodwala, masewera olimbitsa thupi, kusisita ndi uphungu wa maganizo. Linakana malamba omanga m'chiuno, kukoka msana ndi makina, ndiponso mankhwala amphamvu a mtundu wa morphine pa vuto limeneli.

Moseley anaonanso kuti alimi a kumidzi ya kwao amakhala kutali ndi akatswiri. Chotero mu 2017 anayambitsa gulu lotchedwa Pain Revolution. Iye ndi anzake anapalasa njinga kuchokera ku Melbourne mpaka ku Adelaide, naima m'matauni ang'onoang'ono kuchititsa misonkhano. Pambuyo pake gululi linayamba kusula ogwira ntchito zaumoyo a m'madera omwewo kuti akhale aphunzitsi a za ululu pakati pa anthu ao.

Kuno ku Malawi

Nzeru imeneyi iyenera dziko lino koposa, pakuti madokotala a mafizo ngochepa, ndipo ambiri ali m'zipatala zikuluzikulu. Kwa zaka zambiri ntchito yothandiza olumala inatsamira pa bungwe la Malawi Against Polio, limene linayamba mu 1979 ndipo pambuyo pake linatchedwa Malawi Against Physical Disabilities, pamodzi ndi chipatala cha Kachere ku Blantyre. Wofuna digiri ya mafizo ankapita kunja, mpaka mu 2010 pamene sukulu ya madokotala ya College of Medicine inatsegula maphunzirowa. Mu 2021 sukuluyi inalumikizana ndi ya anamwino ya Kamuzu College of Nursing kupanga Kamuzu University of Health Sciences.

Mu 2017 Nesto Tarimo ndi Ina Diener anafalitsa zimene anapeza atafunsa odwala msana 205 olandira mafizo pa zipatala za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Ambiri ankadziwa mwapatalipatali za chiyambi cha vuto lao, ndipo ambiri anali ndi zikhulupiriro zowafooketsa pa za msana wao. Awa anali anthu amene anafika kale m'manja mwa akatswiri. Kwa wodwala wa ku Lobi kapena kwa Kasumbu, mphunzitsi woyamba wa za ululu ndi namwino, dokotala wa pa chipatala chaching'ono kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, ndipo wodwala ali ndi ufulu wowafunsa kuti amfotokozere chimene chikuchitika m'thupi mwake.

Kubwerera ku khasu

Munthu amene wapimidwa napezeka kuti alibe matenda oopsa sayenera kugona pamphasa kupitirira tsiku limodzi kapena awiri. Kugona kumafooketsa minofu, kumaumitsa mfundo, ndipo kumatsimikizira ubongo kuti ngozi iripodi. Komanso kulimbana ndi munda wonse tsiku limene msana wapepuka, kenaka kugona sabata yathunthu, si nzeru. Njira yake ndi ya pakati. Ngati ululu umabuka pa mzere wa khumi, mlimi alime mizere isanu ndi umodzi tsiku lirilonse, tsiku labwino ndi loipa lomwe, ndipo pakapita masiku angapo aonjezere mzere umodzi. Kuwawa pang'ono pogwira ntchito sikutanthauza kuti china chikung'ambika. Thumba la makilogalamu 50 aligawe pawiri. Asinthanitse ntchito yowerama ndi yoimirira. M'mawa wa chisanu ayambe wayenda pabwalo ndi kudziongola, kapena kuika nsalu yofunda m'chiuno, asanagwire khasu. Nkhawa imene imamlanda tulo aiulule kwa munthu womkhulupirira.

Mapiritsi monga Brufen ndi Indocid amathandiza kwa masiku owerengeka, koma kuwamwa miyezi, kapena kuphatikiza mitundu iwiri yogula pa golosale, kumayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso. Mai woyembekezera asamwe mapiritsi otere popanda kuuzidwa ku sikelo.

Ululu wosayenera kuupirira

Nthawi zina galu amauwa chifukwa wakuba alipodi. M'dziko muno chifuwa chachikulu cha TB chimagwiranso mafupa a msana. Munthu amene msana ukumpweteka pamodzi ndi kutentha thupi, thukuta la usiku, kuonda kapena chifuwa chosatha, makamaka ngati ali ndi kachirombo ka HIV, apite ku chipatala msanga. Chimodzimodzi amene kumsana kwayamba kutuluka kalinunda. Ululu umene sulekeza ngakhale munthu agone bwanji, nukula usiku, ufunika kupimidwa. Mai amene akumva msana pamodzi ndi kutaya magazi kosakhala kwa kumwezi kapena ukazi wonunkha akapimitse khomo la chiberekero. Msana wa mwana, msana woyamba munthu atagwa mumtengo, pangolo kapena panjinga, ndiponso wodza ndi mkodzo wa magazi kapena wowotcha, suli m'gulu la msana wa khasu.

Pali zizindikiro zina zosadikira kuti kuche: miyendo kufooka kapena kuchita dzanzi mopitirira, dzanzi pakati pa ntchafu ndi kumaliseche, mkodzo kukanika kutuluka, kapena mkodzo ndi chimbudzi kutuluka munthu osadziwa. Izi zisonyeza kuti mitsempha ya msana yapanikizika, ndipo kuchedwa kungasiye munthu wopuwala moyo wake wonse. Wodwala wotere anyamulidwe tsiku lomwelo. Chipatala chaching'ono chidzamtumiza ku chipatala cha boma cha Dedza, ndipo kukafunika, ku Kamuzu Central, mtunda wa makilomita pafupifupi 85. Mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za boma. A TB ya msana amamwedwa miyezi yambiri, ndipo sayenera kulekezedwa panjira ululu ukangochepa.

Popita ku chipatala wodwala atenge buku lake la umoyo ndi mapaketi a mankhwala onse amene wakhala akumwa, a kwa sing'anga omwe. Akonzekere kunena tsiku limene ululu unayamba, malo ake enieni, chimene chimaukulitsa ndi chimene chimauchepetsa, ndiponso ntchito imene wasiya chifukwa cha msanawo.